M'badwo wa Mayi Drusilla

Apongozi anga, a Drusilla Whitlock, anabadwira ku Missouri m'chaka cha 1832, chaka chomwe mneneri woyamba wa mpingo wathu ananena kuti kachisi adzamangidwa kumeneko, mumzinda wa Independence, m'badwo umenewo usanathe. Ali ndi chaka chimodzi, anthu a kumeneko anathamangitsa a mpingo wathu ndi mfuti, ndipo iwo anawoloka mtsinje ali m'manja mwa mayi awo. Anakulira m'njira n'kudzakalambira kuno ku Utah. Pofika 1929 anali ndi zaka 97, maso atafooka, ndipo wowasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi ndinali ine.

Amuna anga, a Lorin, ankanena kulikonse, m'tchalitchi ngakhale kumunda, kuti malinga mayi awo akupuma, m'badwo uja sunathe, ndipo ulosi ukadali chilili. Kachisiyo anali asanamangidwe, koma iwo sankada nkhawa.

Mng'ono wawo, a Thaddeus, anasiya mpingo kalekale n'kupita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Nevada. Atamva kuti mayi adwalika, anatulukira m'nyengo ya mapichesi. Tsiku lomwelo anateleka khofi pambaula yanga, akudziwa bwino kuti ife sitimwa khofi ndipo m'nyumba mwathu sanalowemopo. Fungo lake linafika mpaka kukhonde. A Lorin analowa, natenga ketulo n'kukakhuthulira khofiyo kukhola la nkhumba.

Mkangano weniweni unabuka mawa lake masana. Ine ndinkasenda mapichesi oika m'mabotolo, iwo awiri atakhala patebulo. A Thaddeus anatulutsa chithunzi m'thumba la jekete n'kuchiponya pamaso pa mkulu wawo. Anati chaka chathacho anakwera sitima mpaka ku Independence dala, kuti akadzionere ndi maso awo. Pachithunzipo panali bwalo la udzu, mitengo ingapo ndi katchalitchi kamatabwa ka kagulu kena komwe kanapatukana nafe kale.

"Kachisi wanu uja ndi ameneyo, achimwene," anatero. "Onetsetsani bwino, mwina ine maso akundinamiza."

A Lorin sanachigwire chithunzicho. Anayamba ndi kunena kuti ulosi unakwaniritsidwa kale, popeza patangopita zaka zinayi kachisi anamangidwa ku Kirtland, ku Ohio, ndipo ulemerero wa Ambuye unaonekera m'menemo. A Thaddeus anafunsa ngati Ohio anasamukira ku Missouri iwo ali kumgodi. A Lorin anati komanso amenewo sanali mawu olosera chabe, linali lamulo, ndipo adani atatsekereza ntchito Ambuye anamasula anthu ake. Kenako anawonjezera kuti ndi iko komwe, m'badwowo ulipobe, wagona m'chipinda umo.

"Mayankho atatu a funso limodzi," anatero a Thaddeus, akuwerenga pazala. "Anamangidwa kale, safunikanso kumangidwa, adzamangidwa. Sankhanipo limodzi, bambo mlaliki."

"Munthu wonunkha fodya ngati iwe sungandiphunzitse za Mulungu."

"Fodya wanga sananamizepo munthu."

A Lorin anamenya tebulo mpaka botolo limodzi linagwa n'kusweka. Ndinawauza kuti ngati akufuna kuphana apite kukhola, mayi akumva. Anali atamva kale. Anagogoda khoma ndi ndodo yawo, ndipo tonse atatu tinalowa.

Ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa pamapilo. A Thaddeus sanachite manyazi. Anagwada pafupi ndi bedi n'kufunsa ngati iwo, amene anauzidwa kuyambira ali mwana kuti adzabwerera ku Missouri, akuona kuti lonjezo lija linachitika.

Apongozi anatembenukira komwe kunali a Lorin. "Iwe, za ku Ohio usiye. Bambo anga anaswa miyala ya kachisi wa ku Ohio ndi manja awo, ndipo anamwalira akudikirabe wa ku Missouri. Sanasokonezepo ziwirizi. Usamawaike mawu m'kamwa."

A Thaddeus anamwetulira, koma mayi anali asanamalize.

"Ndipo iwe, zaka khumi ndi zinayi wopanda ngakhale kalata. Wabwera kudzandiona ine, kapena wabwera kudzaona ndikufa kuti upambane mlandu? Nonse awiri mwandisandutsa wotchi. Wina akufuna ndiziyendabe, wina akufuna ndiime. Tulukani." Kenako anati kwa ine, "Arvilla, nditembenuze, msana ukupweteka."

Funso la a Thaddeus lija sanaliyankhe, ndipo sanadzaliyankhenso. Ndili ndekha nawo ndinkafuna kuwafunsa, koma ndinaopa.

Anamwalira patatha milungu itatu, Lachiwiri m'mawa, ndikuwapesa tsitsi. Milungu yonseyo abale awiriwa ankadya nthawi zosiyana. A Thaddeus ankagona m'nyumba yosungiramo udzu wa ng'ombe.

Pamaliro a Lorin anaimirira kutsogolo, maso ali psuu. Ananena kuti mawu akuti m'badwo satanthauza moyo wa munthu mmodzi ayi, amatanthauza nyengo yonse ya ntchito ya Ambuye, kaya zaka mazana angati. Anthu anagwedeza mitu movomereza. Ine ndinaweramitsa nkhope, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndinawamva akunena zina. Kumbuyo, a Thaddeus ananena mokweza kuti limenelo ndi yankho lachinayi. Abishopu anatuma amuna awiri kuti awatulutse, ndipo sanaloledwe kunyamula nawo bokosi.

Titachoka kumanda tinapeza a Thaddeus akutidikirira pamlatho wa ngalande yothirira minda. Sindinamve amene anayamba. Ndinangoona madoda awiri a imvi, wina wa zaka 70 wina wa 66, atagwirana m'makosi, zipewa zili m'madzi. A Lorin anaterereka n'kugwa, nathyoka dzanja. A Thaddeus anaima pomwepo akupuma mwawefuwefu, magazi akutuluka pamlomo, kenako anatambasula dzanja kuti awadzutse. A Lorin analavula malovu pansi n'kudzuka okha.

Madzulo ake a Thaddeus anabwera kukhitchini kudzatsanzika kwa ine ndekha. Anati, "Alamu, inu mukudziwa kuti ndikunena zoona." Ndinawayankha kuti chomwe ndikudziwa n'chakuti pa milungu itatu sanagwireko mayi awo dzanja ngakhale kamodzi. Anayang'ana pansi, nanyamula chikwama chawo.

Sanabwererenso. Patapita zaka zisanu tinalandira kalata kuchokera kwa mnzawo wa kumgodi, yonena kuti anamwalira ndi chifuwa cha fumbi ndipo anaikidwa komweko. Ndinawawerengera a Lorin ali pakhonde. Anafunsa ngati m'kalatamo munali mawu ena alionse, ndinati ayi. Kenako anati lero ndi tsiku lathu lotenga madzi a m'ngalande kukathirira, natenga fosholo kupita kumunda.