Tsamba Limene Telala Anang'amba

Telala analipeza bukulo pansi pa mulu wa nsalu zotsala, pamene mwana wake wamkazi ankaganiza kuti sipafika munthu. Linali ndi chidindo cha sukulu. Analitsegula pakati, n'kuwerenga tsamba limodzi ali chiimire. Pa tsambalo mayi wina ankakwera basi ndi mwamuna wachilendo, mwana wake akumuyang'ana pazenera.

Mkazi wa telalayo nayenso anachoka choncho zaka ziwiri zapitazo, ndipo dzina lake silinkatchulidwa m'nyumbamo. Telala anang'amba tsambalo.

Mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zinayi, pochokera kusukulu anapeza bukulo lili pa makina osokera, tsamba lili pambali.

"Zonyansazi wakupatsa ndani?"

"Ndi la kulaibulale, ababa."

"Ndiye kusukulu kwanuko mwayamba kuphunzira kathawidwe ka banja?"

Masiku atatu mtsikanayo anaphika, anachapa, anasesa ulusi pansi, koma pakamwa pake pankangotuluka "inde" ndi "ayi". Telala anaona kuti mwana mmodzi yekha amene anamutsalira akumuchokanso, ali m'nyumba momwemo. Mlandu anaupereka kwa buku.

Tsiku lachinayi anapita kusukulu. Woyang'anira laibulale anali mayi wachikulire amene ana ankamutcha Amayi Chete. Telala anaponya bukulo patebulo.

"Ili lichoke lero. Mukafuna kulitentha ndibwera ndi machesi."

Amayi Chete anatenga tsamba long'ambikalo n'kuliwongola ndi chikhatho. "Khalani pansi, bambo. Mwaliwerenga lonse?"

"Ine nsalu yowola ndimaidziwa ndikangogwira ngodya."

"Koma diresi simudula mutangoyeza mkono wokha. Mvetserani. Buku sililowa muno chifukwa ine ndalikonda. Aphunzitsi ndi ana amatchula mabuku amene akufuna. Kenako komiti ya aphunzitsi awiri, makolo awiri ndi ine timawawerenga. Timaona msinkhu wa ana, zimene akuphunzira, ndiponso zimene akukumana nazo pamoyo. Ndiye kutuluka kwake sikungakhale kwa munthu mmodzi, ngakhale atakwiya chotani."

"Ndiye kholo lilibe mawu?"

"Lili nawo. Nayi fomu. Muwerenge buku lonse, mulembe tsamba limene lakuwawani ndi chifukwa chake. Komiti ikumana pakatha masabata awiri, inu mudzakhalapo. Panopa mutha kundiuza kuti mwana wanu asabwereke bukuli, ndipo ndimvera. Koma simungaletse ana a anzanu."

Amayi Chete anamata tsambalo ndi tepi, n'kumupatsa bukulo. Telala anaona kapepala kakumbuyo kodzaza ndi zidindo za masiku obweza.

"Onsewa? Mwana wanga walibwereka kangati?"

"Zimene mwana amawerenga sindimaulula, bambo. Mukamufunse mwini wake. Ndingokuuzani kuti pasukulu pano si nyumba yanu yokha imene ili ndi mpando wopanda munthu."

Telala anatuluka mawuwo akumubaya. Ankafuna kupeza zonyansa zina zodzazira fomu, choncho masana aliwonse ankaimitsa makina, n'kuwerenga bukulo atalibisa m'kati mwa thalauza la kasitomala. Kuwerenga kwake kunali kwa pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Zonyansa sanazipeze. Anapeza bambo wina amene anachotsa zithunzi pakhoma n'kuletsa dzina la mkazi wake, ndi mtsikana amene ankakhulupirira mumtima kuti mayi ake anathawa chifukwa cha iyeyo, poti anawayankha mwano dzulo lake.

Telala anangozindikira akuthamangira masamba omaliza, kudikira kuti basi ija ibwerere. Sinabwerere. Anatseka bukulo.

Mwana wake atabwera, anamuitana.

"Bukuli walibwereka kangati?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Kasanu ndi kamodzi."

"Unkafunamo chiyani?"

"Ndinkafuna ndione ngati mtsikanayo analakwadi. Inenso ndinawayankha amayi mwano, ababa. Lachiwiri. Lachitatu n'kupita."

Zaka ziwiri mwanayo anasenza zimenezi yekha, bambo ake ali pompo akusoka mabatani a anthu.

"Iwe mwanawe," telala anatero, "amayi ako analongedza chikwama mwezi wathunthu zisanachitike zimenezo. Ndinachiona pansi pa bedi, ndinangokhala chete. Iwe sunalakwe kanthu."

Mtsikanayo analira mpaka kunyowetsa nsalu ya kasitomala. Kenako anayamba kufunsa mafunso, ena owawa kwambiri, ndipo telala anayankha amene akanatha.

Fomu ija anailembabe. Pamaso pa komiti anaimirira atavala jekete lodzisokera yekha.

"Ndinabwera kudzafuna moto," anatero. "Pano sindikuufunanso. Koma tsamba la basi lija n'lolemera kwa ana aang'ono. Ine ndine wamkulu, koma landigonetsa ndi njala."

Kholo lina linati bukulo lingochotsedwa, nkhani ithe. Mphunzitsi wina anawerenga mokweza ndime ziwiri zakumapeto, ndipo anakambirana ola lathunthu. Anagwirizana kuti bukulo likhale, koma lisamukire pa shelefu ya makalasi akuluakulu. Patatha masiku atatu telala analandira kalata yofotokoza chigamulocho ndi zifukwa zake, komanso kumene angakadandaule ngati sanakhutire.

Sanakadandaule. Mkazi wake sanabwerere, ndipo palibe buku limene likanamubweza. Koma mwana wake anayambiranso kulankhula, mpaka kumaseka mathalauza a bambo ake kuti ndi a makedzana.

Kholo lili ndi ufulu wodandaula za buku la m'laibulale ya sukulu. Njira yake si kung'amba kapena kuopseza. Werengani buku lonse, lembani dandaulo lanu, ndipo lolani komiti iliunike. Mungasankhire mwana wanu, osati ana onse. Ndipo musanapite kusukulu, yambani mwamufunsa mwanayo chimene akufuna m'bukumo. Mwina ndi chinthu chimene akuopa kukufunsani inuyo.