Mboni ya Sakina

A Hilary anasiya kugogoda makina otayipira n'kuyang'ana kukhomo.

"Mwati ndani?"

"A Swaibu Matola," anabwereza Sakina.

Sakina anali mzamba. Chipatala cha mishoni chinkafuna mzamba wamkulu, ndipo wofunsira aliyense ankayenera kutumiza pepala la mbiri yake: sukulu, kumene wagwirako ntchito, ndi dzina la womuchitira umboni. N'chifukwa chake analawirira ku Liwonde kudzapeza a Hilary, kalaliki wopuma amene ankatayipira anthu kuseri kwa msika wa Balaka.

"Iyayi, mayi," ananong'ona a Hilary. "Si aja anatengedwa aja?"

Anali omwewo. A Swaibu ankayang'anira chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Ntaja, kumene Sakina anagwirako ntchito. Tsiku lina anyamata achipani anatsekereza pakhomo mayi wodwala chifukwa analibe khadi la chipani. A Swaibu anawakankha n'kumulowetsa. Mawa lake apolisi anadzawatenga, ndipo kuyambira pomwepo dzina lawo anthu ankangolimeza.

"Tilembe abambo mfumu, kapena ahedi akusukulu kwanu," anatero a Hilary. " Za ku Ntajazo tingodumpha."

"Ahediwo anandionapo ndikubereketsa munthu?"

"Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Boma limawerenga choncho. Ntchito muiphonya, mwinanso adzakufunsani zambiri. Muli ndi ana, si choncho?"

Ana analipo, ndipo bambo wawo anali kumanda. Sakina anachita mantha, osati pang'ono. Ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Koma chilichonse chimene manja ake ankadziwa anamuphunzitsa ndi a Swaibu, ngakhale kutembenuza mwana wogona mopingasa m'mimba. Kuwadumpha kunali kunena kuti munthuyo sanakhaleko.

"Lembani, bambo. Akafuna umboni akawafunse kumene anawaikako."

A Hilary anamuyang'anitsitsa. Anali munthu wamantha, ndipo sankabisa.

"Zala zangazi sizilemba dzina limenelo. Ndili ndi zidzukulu."

Anaimirira n'kutenga chipewa. Sakina anayamba kusonkhanitsa masatifiketi ake, misozi ili lengelenge. Koma mkuluyo sanachotse pepala m'makinamo. Anangokokera mpando kumbuyo.

"Ndikukagula fodya. Zochitika muno ine sindiziona. Chilembo chachikulu mumayamba mwapanikiza apa."

Anatuluka n'kutseka chitseko.

Sakina anali asanakhudzepo makina otere. Anakhala pampandopo, nafufuza chilembo choyamba mpaka anachipeza. Anachigogoda ndi chala chimodzi, ndipo chinalira kwambiri kuposa mmene ankayembekezera. Anamvetsera kunja. Kenako anayamba kufufuza chachiwiri.