Mizere Yofiira pa Puloti ya Bambo Obed

Ntchito yanga ndi yojambula pa kompyuta. Ndili ndi kashopu pa Boma pa Ntcheu, kuseri kwa poima akabaza, ndipo ndimapanga makadi aukwati, zikwangwani ndi mapulani a nyumba. Dzina langa ndine Rute. Ndisabise, ndine wapakamwa, ndipo munthu akanditsutsa pa ntchito yanga ndimapsa mtima msanga.

Mwamuna wanga Thomas ali ku Joni. Makolo ake amalima mpunga ku Bwanje. Bambo ake, a Obed, anagwira ntchito m'migodi zaka zambiri, nabwerako ndi chifuwa chosatherapo komanso khalidwe losachedwa pa ntchito. Ine ndi iwo sitinkacheza kwenikweni. Chipongozi basi, kugwada chapatali, kupereka moni, n'kubwerera kukhitchini.

Kalabu yawo ya alimi ili ndi lamulo lakuti Loweruka lililonse aliyense azipita kukalambula ngalande. Wojomba katatu amamutsekera madzi masabata awiri. Tsiku lina mlembi wa kalabuyo, a Raphael, anabwera kushopu ndi mapepala awiri. Lina linali chithunzi cha mapuloti onse chojambula ndi bolopeni, linalo linali kapepala ka mayina ndi manambala a ojomba. Ankafuna mapu aakulu, kuti wotsegula mageti a madzi azingoona mtundu n'kudziwa potseka.

"Zochepa izi," ndinatero. "Ndikabweretsa ndekha Lachitatu."

Mu pulogalamu yomwe ndimajambulira muli kachizindikiro ka chidebe. Ukasankha mtundu n'kudina m'kati mwa bokosi, utoto umadzaza bokosilo n'kuima pamizere ya m'malire. Koma mizereyo iyenera kukumana pakona. Pakangotsala kampata, ngakhale kosaoneka ndi maso, utoto umadutsa n'kudzaza bokosi loyandikana nalo. Zimenezi ndimazidziwa bwino, ndinaphunzitsapo ngakhale anthu ena. Koma tsikulo makadi aukwati anali kundidikira, ndiye ndinangodina mothamanga, zobiriwira kwa olimbikira, mizere yofiira yopendekera kwa ojomba. Pamapu panali manambala okha, opanda mayina. Ndinapulinta osaonanso kachiwiri, kapepala kaja n'kukaponya m'dirowa.

Ku Bwanje ndinapita nditatchena, ndivomere, ndinkafuna akuchimuna aone kuti mwana wawo sanakwatire munthu wamba. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lochita kuotcha pamutu. Mapu anawakhoma pakhoma la shedi yosungiramo mpunga, anthu n'kuunjikana kumayamikira. Wapampando, mayi Lufina, anayamba kuwerenga manambala ofiira. Kenako anatchula 23, puloti ya a Obed. Ndinaona mitu yonse ikutembenukira kwa apongozi anga.

"Koma a Obed amafika kungalande ife tisanasukusule n'komwe," anatero mayi wina kumbuyo.

A Raphael anadzikanda m'mutu. "Mayi, dzina lawo sindikulikumbukira pakapepala kaja. Mwina makinawo..."

"Makina atani?" ndinawadula. "Kompyuta sidziwa munthu, sikondera. Chimene munalemba ndi chimene chatuluka. Ngati mukuiwala zolemba zanu zomwe, vuto si langa."

Ena anaseka, a Raphael n'kukhala pansi. Ine mumtima ndinkati ndawakhaulitsa.

Mayi Lufina anafunsa mwaulemu, "Bambo Obed, inu munenapo chiyani?"

Apongozi anavula chipewa. Sanandiyang'ane. "Amayi apampando, ngati zalembedwa choncho, tsekani. Ukalambawu, mwina masiku ndayamba kuwasokoneza."

Geti ya puloti yawo inatsekedwa tsiku lomwelo. Mpunga wawo anali atangowokera kumene, sabata inali isanathe. Ine ndinabwerera ku Boma nditakwiya nawo kuti andichititsa manyazi pagulu. Ndinafika pomuuza Thomas pafoni kuti bambo ake ayamba ulesi. Mawu amenewo ndinawayankhula ine, ndi pakamwa pangapa.

Patapita masiku asanu ndi atatu a Raphael anaimba foni, kupempha mapu ena ang'onoang'ono oti azisunga m'faelo. Nditsegule dirowa kufuna pepala lopulintira, ndinaona kapepala kaja. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kuwerenga. Manambala analipo asanu ndi imodzi. Pa kompyuta mabokosi ofiira analipo asanu ndi awiri. Pakapepalapo 22 inalipo, koma 23 panalibe.

Ndinakulitsa chithunzi pamalire a 22 ndi 23, kukulitsa, kukulitsanso. Pakona yakumunsi mizere iwiri sinakumane. Kampata kake sikakanalowa ngakhale nsonga ya singano. Ndinadina kamodzi pa puloti ya wojomba, utoto n'kusefukira kwa apongozi anga.

Choyamba chimene ndinachita n'chochititsa manyazi kuposa zonse. Ndinatseka kampatako, n'kudzaza 23 ndi zobiriwira, n'kuyamba kuganiza zong'amba kapepalako. Panangotsala masiku ochepa kuti masabata awiri athe, akanadziwa ndani? Ndinakhala pampando kapepala kali m'manja mpaka kasitomala wina anatopa n'kundiitana, n'kuchoka. Kenako ndinakhoma shopu, kukwera minibasi, n'kumalizira pa kabaza.

Ndinayambira kwa mayi Lufina, ndipo anaitanitsa a Raphael. Ndinawaonetsa kapepala, n'kuulula kuti wolakwa ndine. A Raphael anangolandira kapepalako, kukapinda, n'kukaika m'thumba la malaya. Bola akananditukwana. Mayi Lufina anatuma uthenga kuti geti itsegulidwe nthawi yomweyo, n'kunena kuti Loweruka ndikafotokoze ndekha pamaso pa kalabu yonse. Ndinavomera.

Apongozi ndinawapeza kupuloti. Anali ndi keni yothirira ndiwo zamasamba, akutunga madzi pachithaphwi cha kutali ndithu, kumathirira mpunga phando limodzilimodzi, uku akutsokomola. Mapuloti a anzawo anali obiriwira mbali zonse. Yawo nthaka inali itang'ambika, ndipo mbande za theka lakumtunda zinali zitauma gwa.

Ndinagwada panthaka youmayo, patali pang'ono monga mwa mwambo.

"Bambo, ndakulakwirani. Simunajombe. Ndinalakwitsa ndine pojambula, ndipo pamsonkhano paja ndinachita makani osaonanso. Ndikhululukireni."

Anatsitsa keni, kudikira chifuwa chileke.

"Ndinkadziwa kuti sindinajombepo, amake Nomsa," anatero, kunditchula ndi dzina la mwana wanga. "Chiyambire kalabuyi sindinaphonyepo Loweruka."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndinene chiyani? Inu munali mutaima kale pagulu, mwayankhula motsimikiza. Ndikanatsutsa, anthu akanati mkazi wa Thomas ndi wabodza, mpaka apongozi ake omwe amukana. Mukanabweranso bwanji kuno?" Anayang'ana mbande zoumazo. "Mpunga tidzawokera wina mvula ikagwa."

Misozi inkangotsika. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

"Dzukani, amake Nomsa, anthu akuona," anatero motsitsa mawu.

Madzi anali atayamba kulowa kuchokera kugeti, akumira m'ming'alu, akuzungulira mbande zoferatu. Apongozi anatola khasu n'kupita kukawatsogolera kumunsi komwe kunatsala zamoyo. Ine ndinakhalabe chogwada, mpaka madziwo anandinyowetsa mawondo.