Masabata Atatu a Febby

Febby anathamanga mapazi asanu pa simenti, nadziponya m'malere, nazungulira kawiri. Potera, mwendo wakumanja unagwedera, ndipo anachita kugwira thumba la chimanga kuti asagwe.

"Ba Febby, ndeke yatera?" anafunsa Ednah, mayi wosunga makiyi a shedi ya kopaletivu ya ku Kanakantapa. Anaima pakhomo akuseka. "Anzanu akagwidwa mashawe timawaimbira ng'oma. Imwe muvina chabe kulibe na nyimbo."

"Kale ninali kuzungulira katatu," anatero Febby akupuma mwabefu.

"Katatu, kawiri, nanga si chizungulire ni chimodzimodzi?"

Febby anali atatopa kufotokozera anthu kuti ntchito yake inali kuvina pa ayezi, atavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi. Anaiphunzira ku Johannesburg, kumene amayi ake, a Jenala, anakolopa zimbudzi ndi makonde a bwalo la masewerawo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Akaweruka kusukulu, mwanayo ankawadikira atatsamira mpanda wa bwalolo, mpaka kochi wina anamumvera chisoni namubwereka nsapato zakale. Atakula, kochiyo anamuphatikiza ndi mnyamata wotchedwa Matthias, ndipo awiriwo anapata mamendulo anayi akuvina limodzi.

Kenako a Jenala anapuma ntchito nabwerera kumunda kwawo. Sipanathe chaka, sitiroko inawagwetsa pakati pa mizere ya tomato, niwapha mbali yakumanja. Febby anauza Matthias kuti akupita kwa masabata atatu okha. Tsopano miyezi inali itakwana khumi ndi inayi.

Foni inalira pathumba pamene anaisiya. Anali Matthias.

"Kulembetsa maina a mpikisano wa ku Cape Town kukutha Lolemba," anatero m'Chingelezi. "Opambana akupita ku Ulaya, ukudziwa. Kochi wandipezera mtsikana wina, koma ndamuuza kuti ndiyambe ndamva kwa iwe. Ukafika mwezi uno tikhoza kukonzeka. Febby, chaka chatha ndinakhala pansi. Sindingakhalenso."

"Undipatse mpaka Lamlungu," anayankha Febby.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Pa masewera amenewa, umenewo unali ukalamba.

Lamlungu m'mawa anasambitsa amayi ake, nawamwetsa phala, nawasiya m'manja mwa Ednah. Anakwera minibasi yopita ku Chongwe, kumene mchimwene wake Norbert, wogwira ntchito m'boma ku Lusaka, anamanga nyumba pa mapuloti atsopano. Anamupeza atangobwera kutchalitchi, akuthirira kapinga ndi paipi, tayi akadali m'khosi. Nyumbayo inali ya zipinda zinayi, ndipo m'chimodzi munkangokhala matailosi otsala pomanga.

"Odi, ba Norbert."

"Ah, ba champion! Mwabwera na ayezi? Filiji yathu yafa."

Febby anakhala pa njerwa, nanena zonse mwaulemu monga anakonzera m'minibasi. Sanapemphe zambiri. Anangoti amayi akhale kuno miyezi isanu ndi umodzi, pafupi ndi chipatala, ndipo iye akabwera kumpikisano adzawatenganso.

Norbert anasuntha paipi kupita pa duwa lina.

"Mlamu wako asewenza, na ine nisewenza. Tichoka faifi koloko, tibwera usiku. Azawatembenuza ndani? Uyembekezeko pang'ono. Kuona maso a nkhono ni kudekha."

"Munanena zimenezo pa Khirisimasi. Munanenanso pa Isitala. Nkhono yanu ilibe maso, ba Norbert."

"Manje ufuna nisiye nchito kuti iwe ukasewere?"

"Si kusewera. Ni nchito yanga, monga yanu."

"Nchito!" Norbert anaseka. "Kuvala kasiketi ka mwana wa giredi wanu na kunyamulidwa na mwamuna wa eni pamaso pa anthu?"

Febby anati, "Ni amai anu naimwe. Mako ni mako angachepe mwendo."

Norbert anaponya paipi pansi. Madzi anayamba kuyenderera kulowera kugeti, koma sanawayang'ane.

"Mwambi umenewo usaniuze ine," anatero motsitsa mawu. "Ninali na zaka naini pamene amai anakwera basi ija ya ku Johannesburg. Iwe anakubereka kumbuyo, ine ananisiya na ba malume ku Nkomeshya. Anati azanitenga pa holide. Ninayembekeza maholide angati, uziwa? Ninali kuweta ng'ombe za eni na mapazi ong'ambika, iwe uli kugulidwa nsapato za mipeni. Vithunzi vako vinali kubwera mu envulopu, ba malume amanionetsa ati ona mlongo wako. Pamene ninapasa giredi twelofu, amai sanabwere. Unali na kompetishoni."

"Ninali mwana. Sininasankhe ine."

"Na ine sininasankhe. Iwe unadya amai onse, mutu na miyendo. Walira mvula walira matope, Febby. Mankhwala nizapitiriza kutumiza, koma m'nyumba muno sazagona."

Febby anafuna kukalipa, koma atayang'ana nkhope ya mchimwene wake anaona kuti munthuyo sankanama. Anaimirira, nasasa fumbi pachitenje.

"Khala udye," anatero Norbert, maso ali pa kapinga.

"Nakhuta."

Minibasi inamutsitsa pamphambano, ndipo anayamba kuyenda mumsewu wafumbi dzuwa lili paliwombo. Atafika pamtengo wa mango pamene netiweki imagwira bwino, anaima. Anaganiza zopempha Ednah, koma Ednah anali ndi ana asanu ndi dimba. Anaganiza zolemba wantchito, nakumbukira mtsikana amene anamuyesa mwezi wa Juni, yemwe anasiya amayi padzuwa tsiku lonse mpaka milomo inasweka. Anaganiza zongonyamuka osatsanzika. Ganizo limenelo linakhala mumtima mwake nthawi yaitali kuposa ena onse, ndipo linamuchititsa manyazi.

Anaimba foni.

"Matthias, lembetsa ndi mtsikana uja."

Kumbuyo kwa Matthias kunkamveka nyimbo ya m'bwalo ndi kukwecha kwa mipeni pa ayezi. Febby anatseka maso.

"Mwina chaka chamawa..." anayamba Matthias.

"Usandinamize, nanenso sindikunamiza. Umuuze kuti dzanja lako lamanzere limachedwa pomuponya. Asadzadzidzimuke."

Anadula foni asanamve yankho.

Kunyumba anapeza Ednah akuthamangira kudimba kwake. A Jenala anali gone pamatiresi pafupi ndi zenera, kamwa litapotokera mbali imodzi. Chiyambire matendawa, mawu ankatuluka amodziamodzi ngati akukokedwa ndi chingwe.

"Nor...bert?"

"Ali bwino. Akupatsani moni."

"U...pita... liti?"

Febby anagwada nayamba kuwakonzera pilo. "Kompetishoni aisintha, amai. Ati izachitika chaka chamawa. Kulibe chothamangira."

A Jenala anamuyang'ana. Mayi ameneyu anakolopa bwalo lija zaka zonse zija, ndipo ankadziwa mwezi wa mpikisano uliwonse kuposa makochi, chifukwa ndiye ankatola zinyalala anthu akabalalika. Palibe chaka chimene anausinthapo.

Dzanja lawo lamoyo linafufuza pabulangete mpaka linapeza mkono wa Febby. Linaukankha mofooka, kuloza kukhomo. Linaukankhanso kachiwiri.

"Pi...ta."

"Nipite kuti, amai? Nakuuzani kuti aisintha."

Msozi unatsika m'diso lakumanzere lokha, nulowa m'khutu. A Jenala anayesa kutembenukira kukhoma, koma thupi linakana, ndipo anangotsala akuyang'ana malata. Febby analowetsa manja pansi pa phewa ndi chiuno chawo, nawatembenuza monga ankafunira. Kenako anatenga beseni natuluka kukatunga madzi, poti matiresi anali atanyowa.