Dazi la Egya Kobina

"Chimenechonso si iwo," anatero Maame Ekuwa, akuponya chithunzi pa mulu wa zinzake.

Anali pa khonde dzuwa litapendeka. Dokono, nsima yowawasa yokulunga m'makoko a chimanga, ndi nsomba zokazinga zinkazizira pa tebulo popanda wozikhudza, ndipo makatoni asanu a zithunzi anali mbwee pansi. Linali tsiku lachitatu chimwalirire amuna awo, Egya Kobina. Wosindikiza zikwangwani za maliro anali atanena kuti chithunzi cha malemu chikapanda kufika mawa lake masana, dzina lawo lidzamatidwa m'makoma a mzinda wa Sekondi lopanda nkhope.

Egya Kobina anagwira ntchito kunjanji moyo wawo wonse, koma anthu ankawadziwa ndi kamera ya maso awiri imene ankaikoleka m'khosi. M'makatonimo munali asodzi, akwati, ana a sukulu, amayi a kumsika, ngakhale mbuzi ya anansi. Mwini wakeyo munalibe.

"Tingotenga cha pa chiphaso chawo," anatero Ato, mwana wa mlongo wa malemu. Akubanja anali atamupatsa makiyi a zinthu za amalume ake monga mwa mwambo, ndipo ankayenda akuwaliza m'thumba. "Ndichikonza pa foni, chituluka bwinobwino."

"Chija akuoneka ngati wagwidwa akuba nkhuku?" anayankha Maame. "Chidindo chili pakamwa. Ayi, Ato. Zaka makumi anayi ndakhala naye, sindingamutulutse choncho."

Araba, mwana wawo mmodzi yekhayo, anangopitiriza kusanthula m'katoni yomaliza ngakhale ankadziwa kuti mulibe.

Geti linalira. Analowa Egya Bentum, mnzawo wa malemu, atafunda nsalu yakuda, akutsamira ndodo. Loweruka lililonse kwa zaka zambiri awiriwa ankadzitsekera m'chipinda cha nyimbo n'kumakangana mpaka mawu kusasa. Bentum anagwira aliyense chanza, kenako anaima ngati waponda minga. Pakhomo panali masipika awiri aatali ngati mwana wa zaka khumi, zingwe zake zikulendewera.

"Ndani watulutsa zimenezi?"

"Ndine, Egya," anatero Ato. "Tikaziika pa bwalo tsiku la maliro. Anthu amve kuti wapita munthu."

"Pa bwalo! Iwe, zimenezi si zolengezera mpira. Zinapangidwa kuti zilankhule ndi munthu mmodzi, atakhala pa mpando umodzi. Amalume ako anatha miyezi itatu akuzisuntha pang'onopang'ono, chala chimodzi lero, chala china mawa."

"Koma sipika ndi sipika, Egya."

"Ndi zomwe ndinkamuuza inenso," anatero Bentum, akukhala pansi mwapang'onopang'ono. "Ndinkati, Kobina, ampu yako ya mababuyi, chokuzira mawu chakochi, ndi mbaula chabe, gula yamakono ngati yanga. Iye ankati ineyo ndikuweruza mlandu ndi khutu limodzi, linalo linafera ku phokoso la kudoko la sitima." Anaseka pang'ono.

Ato anakweza mapewa n'kulowa m'nyumba, makiyi akulira.

Maame anafotokozera Bentum za chithunzi. Mkuluyo anamvetsera atalozetsa khutu labwino, ndipo nkhope yake inasintha.

"Maame, kodi m'chipinda cha nyimbo chija mwalowamo chichitikire zimenezi?"

"Ndikatani? Ngakhale ali moyo sindinkalowamo. Mkazi wake weniweni anali mmenemo, ine ndinali wophika chabe."

"Loweruka lapitali anandiuza mawu," anatero Bentum. "Anati dokotala wamuuza zosakoma, ndiye nthawi yakwana yoti wojambula ajambulidwe. Anandionetsa kamera. Pa kawindo ka nambala panali naini. Anati zatsala zochepa, zimenezo ndi zanga. Ine ndinamunyoza kuti kamerayo ithyoka ndi nkhope imeneyo."

Araba anasiya katoni. "Mukutanthauza kuti chithunzi chawo chili m'kamera?"

"Ngati anachita zimene ananena, chili mmenemo. Ndipo china kulibe."

Ananyamuka onse atatu. M'kanjira kolowera kuchipindako munali mdima ndi kamphepo konunkha chinyezi. Chitseko chinali chotsekula, ndipo Araba ndiye anayamba kumva kaphokoso kachilendo, kamawu kaakazi kakang'ono ngati ka udzudzu, kakuimba kuchokera kutali.

Ato anali ataima pakati pa chipinda. Mbale ya nyimbo inkazungulira, singano ili pamwamba pake, ndipo kamawuko kankachokera pa singanoyo. Pambali pake mababu asanu ndi atatu a ampu ankayaka mofiirira ngati makala a usiku wapita.

"Ndimangoona ngati ikugwira ntchito," anatero Ato. "Koma siikumveka, ndiye ndakweza mpaka kumapeto."

"Zimitsa!" anakuwa Bentum. "Zimitsa, iwe! Siyatsidwa yopanda masipika!"

Ato asanapeze pozimitsira, mkati mwa chitsulomo munalira thethethe, babu limodzi linawala mobiriwira, ndipo kautsi kowonda kanakwera kulunjika kudenga. Araba anazula chingwe kukhoma. Mbale inazungulira kawiri katatu, mawu a mayi uja akunenepa, akutsika, mpaka zii.

Fungo la chinthu chopsa linadzaza chipinda.

"Mphamvu yake ikasowa kolowera imadzidya yokha," anatero Bentum motsitsa. "Zaka makumi atatu osaphonya tsiku. Masiku atatu okha m'manja mwako."

"Ndikanadziwa bwanji? Palibe pamene panalembedwa."

Maame Ekuwa sankayang'ana ampuyo. Maso awo anali pa mpando wachikopa umene unali pakati pa chipinda, wolowa mkati pamene mwini wake ankakhala. Kutsogolo kwake kunali kamera, itaima pa chitsulo cha miyendo itatu, maso ake awiri akuyang'ana mpando wopanda munthuwo. Kachingwe kaatali kodinira kamerayo munthu ali patali kanagona pa dzanja la mpando.

"Anachitadi," ananong'ona Araba.

Bentum anayandikira, navala magalasi, n'kuwerama pambali pa kamera. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka sanayang'ane Maame kapena Araba.

"Ato, kawindoka kakuonetsa ziro."

"Ndiye?"

"Nambala imabwerera pa ziro munthu akatsekula kumbuyo. Kobina sakanatsekula filimu ili mkati, ngakhale atamuika mpeni pakhosi."

Makiyi analeka kulira m'thumba la Ato.

"Kunali m'mawa," anatero pomaliza. "Ndimafuna kakhadi kosungira zithunzi, kuti mwina muli zithunzi zoti tigwiritse ntchito. Ndinangosuzumira, Maame, ndinangoona chipepala n'kutseka. Sipanathe ndi mphindi yomwe."

"Mawindo anali otsekula?" anafunsa Bentum.

"Ndinatsekula makatani kuti ndione."

Bentum anapukuta magalasi ake ndi nsonga ya nsalu. "Filimu imadya kuwala ngati mmene mchenga umamwera madzi. Zimene zinapindidwa kale mkati mwina zapulumuka. Zomalizazo ndi zimene zinali pamtunda."

"Zomaliza ndi za bambo," anatero Araba.

Mkuluyo anatseka makatani, nazungulitsa chogwirira cha kamera pang'onopang'ono mpaka mkati munamveka pepala likumasuka. Anatulutsa kampukutu kakang'ono, nanyambita kapepala komatira, n'kukapereka m'manja mwa Maame.

"Musachisiye padzuwa. Mawa m'mawa ndibwera titsuke. Lero nthawi yatha."

Maame anakamanga kampukutuko kunsonga ya nsalu yawo yakuda. Ato anabweza yekha masipika aja m'chipinda, akubuula, koma sanadziwe pamene ankakhala. Fungo lopsa lija linatsala m'nyumba mpaka m'mawa.

Bentum anafika dzuwa lisanatenthe. Kuseri kwa khitchini kunali kachipinda kopanda windo kamene malemu ankatsukiramo zithunzi, mabotolo a mankhwala ali pamzere, lililonse ndi tsiku lake lolembedwa ndi dzanja lawo. Analowa ndi Araba n'kutseka chitseko. Mumdimamo Araba ankangomva mpweya wa mkuluyo ndi kukhuluza kwa filimu.

"Bambo ako ankati zithunzi za pa foni ndi miseche," anatero mawu a Bentum mumdima. "Zambiri, zachangu, mawa waiwala. Ankati munthu ukakhala ndi khumi ndi ziwiri zokha umayamba wafunsa mtima. Ine ndinkati ndi umphawi chabe umenewo wavala jekete."

"Munkagwirizanapo chilichonse?"

"Mowa."

Anathira mankhwala, nawerenga mphindi mokweza, nathira ena. Pomaliza anatsekula chitseko n'kukweza filimu yonyowa kukuwala. Maame ndi Ato anali akudikira pakhomo pa khitchini.

Kumunsi kwa filimuyo kunali bii ngati mphika. Timabokosi ta zithunzi tinayi tomaliza tinali titaphatikana kukhala chikwapu chimodzi chakuda. Pa malire ake penipeni pankaoneka mwendo wa mpando ndi nsonga ya nsapato imodzi. Kupitirira apo kunalibe kanthu.

Ato anakhala pansi pa mtondo, nagwira mutu.

"Nsapato zake za ku tchalitchi," anatero Maame. "Anachita kuvala bwino." Mawu awo anali owuma. Anatembenuka kuti azipita.

"Dikirani, Maame," anatero Araba. "Zapamwambazi zilipo. Zisanu ndi zitatu."

"Asodzi amenewo. Ndikawamata pa chikwangwani asodzi?"

Komabe Bentum anadikira filimu iume, nabwereranso mumdima. Patapita nthawi anatuluka ndi pepala limodzi lonyowa, timabokosi tonse tili pamenepo, n'kuliyala pa tebulo la pa khonde pafupi ndi makapu a tiyi.

Sanali asodzi. Choyamba chinali Maame akupala nsomba kuseri kwa nyumba, milomo itakwinyika monga amachitira akamaganiza. Chachiwiri, akuyanika zovala, chopanira chili pakamwa. Chachitatu anali atagona pa mpando wa pa khonde, nsapato imodzi itavuka. China akukalipira wogulitsa makala, chala chili m'mwamba. Zonse zinajambulidwa kuchokera pa windo la chipinda cha nyimbo.

"Ine ndimayesa akumvera mbale zake," anatero Maame. Anakhudza pepalalo ndi chala, kenako anachibweza msanga ngati chapsa. "Munthu wosalongosoka. Wandijambula ndili chogona, kukamwa kuli yasa."

Araba anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi kabokosi kamene anakaona pansi pa mabotolo aja, kolembedwa chilembo chimodzi chokha, E. Atakatsekula anapeza amayi ake ali mtsikana, amayi ake ali ndi pakati, amayi ake tsitsi likuyamba kuyera. Palibe ndi chimodzi chomwe chimene ankayang'ana kamera.

Maame sanafune kuona zonse. Anabwerera ku pepala lija n'kuloza kabokosi kachisanu ndi chiwiri. "Ichi n'chiyani?"

Bentum anawapatsa galasi lokulitsira. Pachithunzicho Maame anali ataima pa khonde akupesa tsitsi, atatsamiritsa galasi lalikulu lodziyang'anira kukhoma. M'galasimo, kumbuyo kwa phewa lawo, munkaoneka windo, ndipo pa windopo panali munthu atagwira kamera pamimba, mutu atauweramitsa. Nkhope sinkaoneka. Linkangooneka dazi, likuwala, ndi makutu awiri otambalala.

"Kamera imeneyi suikweza kumaso," anatero Bentum. "Umasuzumira kuchokera pamwamba. Aliyense amene Kobina anamujambula anayamba wamuweramira."

"Mungachikulitse?" anafunsa Maame.

"Filimu iyi ndi yaikulu ngati chikhatho cha mwana. Ndingalikulitse dazi limeneli mpaka likwane chitseko, tsitsi lake lotsala lija muliwerenge. Foni ya Ato singathe zimenezo." Anakhosomola. "Pamenepo pokha Kobina ankanena zoona."

"Koma Maame," anatero Ato mwamantha, "akubanja adzati chikwangwani chilibe nkhope. Adzatiseka."

"Ukawauze kuti nkhopeyo unaitsekulira makatani ndiwe," anatero Maame, osakweza mawu. Ato anaweramitsa maso. Patapita kanthawi anawonjeza mofewerako, "Sekondi yense amalidziwa dazi limeneli, mwanawe. Nkhope yake ndi ochepa anaiona."

"Ndikudulemoni inuyo, atsale yekha?" anafunsa Bentum.

Maame anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Musiyemo phewa langa," anatero. "Anthu aone amene ankamuweramira."

Masana asanakwane Ato anatuluka pa geti, chithunzi chili mu envulopu, atachigwira ndi manja awiri. Makiyi anawasiya pa tebulo popanda womuuza. Araba anayamba kubweza zithunzi m'makatoni, ndipo Bentum anawodzera pa mpando, khutu labwino litatsamira khoma.

Maame Ekuwa anatenga tsache n'kulowa m'chipinda cha nyimbo. Fungo lopsa linali lisanathe. Anasesa mozungulira mpando osausuntha. Atafika pa kamera anatsamiritsa tsache kukhoma, natsekula makatani, natembenuzira kamerayo ku windo, n'kutsekula kachivundikiro ka pamwamba monga anaonera Bentum akuchitira. Anaweramitsa mutu.

M'kagalasi kamakona anayi munatulukira bwalo la kuseri, chingwe choyanikira, ndi mpando wawo wopalira nsomba uli pakati penipeni, ukuoneka bwino popanda kukonza chilichonse.