Padi Yachiwiri

Kunyumba kwawo onse ankamutchula kuti Wachiwiri. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa kuyambira ali wamng'ono, mtsikanayu ndiye ankagwira padi yachiwiri akamasewera gemu ya mpira pa TV. Bambowo anali okonza mafoni, ndipo ankanyadira kuti zala zawo zinaphunzira changu pa gemu, osati kusukulu. Mayi ake ankati m'nyumbamo ali ndi ana awiri, wina wandevu.

Sitiroko itawagwira bambowo, dzanja lamanja linangoti lende. Mwini shopu imene ankagwirako ntchito anawasungira benchi yawo yokonzerapo mafoni, koma ananeneratu kuti sangadikire mpaka kalekale.

Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakakana, ati iwo si mwana wa mphaka. Anaitanitsa padi. Chala chamanzere chinkathamangitsa wosewera bwinobwino, koma akafika pagolo, pamene chala chamanja chimayenera kudina batani lomenyera, wosewerayo ankangokapereka mpira m'manja mwa goloboyi. Poyamba ankaseka. Kenako anasiya kuseka.

Wachiwiri sanali wolankhulalankhula. Tsiku lina atabwera kusukulu anasintha gemuyo kuti mapadi onse awiri aziyendetsa wosewera mmodzi. Anakhala pampando wakumbuyo, padi yake ataibisa pansi pa buku la sayansi. Bambo ake atafika pagolo, iye anadina. Ukonde unagwedezeka.

Bambowo anayang'anitsitsa chala chawo nthawi yaitali.

"Amake mwana, tabwerani kuno. Chadzukatu."

Mayi anatulukira manja ali thovu lokhalokha. Bambo anagoletsa china, kenako chinanso. Wachiwiri anafuna kuulula, koma mayi ake anali akulira atakumbatira mutu wa amuna awo. Anadziuza kuti anena mawa. Mawa lake bambo ake anamuuza kuti akhale pampando womwewo ndi buku lomwelo, ati akuwabweretsera mwayi. Sabata inatha choncho.

Lolemba bambowo anavala malaya ositidwa bwino, namuuza kuti awaperekeze ku shopu. Mwini shopu anawalandira ndi nthabwala, ati akufa auka, n'kuwapatsa foni ya kasitomala yosweka galasi. Bambowo anaika kasikuludalaiva pakati pa zala zamanja. Kanagwa. Anakatola ndi lamanzere, n'kukaikanso. Kanagwanso, n'kugubudukira kunsi kwa kauntala. Mwini shopu anayamba kupukuta galasi la kauntala limene linali loyera kale.

"Komatu kunyumba chimagwira chimenechi," anatero bambowo, akuseka pang'ono. "Wachiwiri, tawauza."

Iye ankangoyang'ana nsapato zake.

"Ndinkadina ndine, ababa."

Sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anayang'ana foni ya eni imene inali patsogolo pawo, kunja magalimoto akudutsa. Kenako anamufunsa motsitsa mawu, ngati akuopa kuti mwini shopu amva.

"Nanga chigoli chadzulo chija, cha patali chija?"

"Nachonso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Chinali chigoli chabwino," anatero.

Anauza mwini shopu kuti benchiyo aipereke kwa wina. Anatsegula dilowa ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kutulutsa zida zawo chimodzichimodzi. Wachiwiri anatsegula chikwama chake cha sukulu kuti aziponyamo, ndipo sanathe kuwayang'ana kumaso.