Kuuzira Phala

Atatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma, Sharifu sanabwerere yekha kunyumba. Pambuyo pake pankabwera Usman ndi asodzi anzake ena, onse akufuna kuona magalasi amene anatchuka Liwaladzi yense, oti ukavala umaona nyanja uli pakhonde.

Magalasiwo anali a Ikram, mwana wa Sharifu wa sitandade folo. Chigubuduzikire bwato ndi mwera chaka chatha, iye ali momwemo ndi bambo ake, mnyamatayo sankafuna n'kuiona komwe nyanja. Ankasambira m'beseni kuseri kwa nyumba ngati mlendo wa m'tauni. Akangomva mafunde akukokoma, mtima unkamugunda, manja thukuta lokhalokha. Ndiye pakamwa pa asodzi mukupadziwa. Pathandala loyanikira usipa ankamuseka Sharifu kuti ng'ona yaswa nkhuku. Iye ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa koopsa.

Amene anabweretsa magalasiwo ndi Fauzia, mlongo wake wa Sharifu, namwino wa ku Lilongwe. Kanali kabokosi kokhala ndi lamba, mkati n'kulowetsamo foni yakale imene anawasiyira. Pulogalamu yake inali ya ana amantha, ndipo inkayenda m'magawo. Poyamba umangoima pamchenga madzi ali kutali, kenako madzi akukunyambita mapazi, mpaka gawo lomaliza la bwato pakati pa mafunde. Mayi wa mufoniyo ankalankhula Chingerezi, choncho Fauzia anamumasulira mwanayo: mantha akabwera, aike dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha. Lamulo linali limodzi basi. Wosankha kupita patsogolo ndi mwana, ndipo akafuna kuvula, avule.

"Achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Fauzia pokwera minibasi. "Chonde musamukakamize."

Kunena zoona, zinthu zinkayenda. Ikram anali atafika pa madzi a m'mapazi, ndipo masiku ena ankapita yekha kukaima pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, pamene nyanja yeniyeni imaonekera. Koma kwa Sharifu kumeneko kunali kuseweretsa batire.

Lachisanu lija azibambo anasinthana magalasi pamkeka. Usman atavala anadzandira n'kugwira mzati, anzake n'kufa nacho chikhakhali. Atavula anapukuta misozi ya kuseka, n'kufunsa kuti nanga mwini wake wafika pati, kapena akadali kunyowetsa zala za kumiyendo.

Nkhope ya Sharifu inatentha. Anayankha kuti mwana wake anachira kalekale, ndipo anamuitana kuti adzaonetse akuluakulu. Ikram anatuluka atavala kanzu yake yoyera ya Lachisanu, n'kupereka salamu mwaulemu. Ataona kuti bambo ake akudina gawo lomaliza lija pafoni, anabwerera m'mbuyo.

"Baba, kumeneko sindinafike."

"Wafika lero. Mwana wamwamuna iwe."

Anamumanga lamba. Mwanayo anayesetsa ndithu, tisamunamizire. Anaika dzanja pamimba, anakoka mpweya, anauzira phala lake lija. Koma mafunde a mufoni anakula, ndipo iye anakweza manja kuti avule. Apo m'pamene Sharifu anamugwira mikono yonse iwiri, n'kuipanikiza pansi.

"Baba, ndivuleni! Tikumira!"

Sanamusiye. Anamuuza kuti alimbe mtima, anthu akuona. Anamusiya pokhapokha ataona kanzu yoyera ija yanyowa kutsogolo, mkodzo ukuyenderera m'miyendo mpaka pamkeka.

Panalibenso woseka. Wina anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya ukonde wa chilimira wosasoka, ndipo onse ananyamuka maso ali pansi. Usman anatsalira pang'ono akuvala nsapato.

"Ife timangocheza, Sharifu," anatero motsitsa mawu. "Sitinati utero."

Mawu amenewo anamulasa kuposa chipongwe chonse cha pathandala. Salma, mkazi wake, anatuluka n'kumutenga mwanayo osayang'ana mwamuna wake kumaso. Kanzu anaichapa n'kuiyanika kuseri, kumene odutsa sangaione. Magalasi anawaika pamwamba pa kabati, ndipo palibe anawakhudzanso.

Manyazi anamugwira Sharifu ngati malungo. Kumzikiti ankakhala mzere wa kumbuyo n'kutuluka msanga. Fauzia ataimba foni sanakalipe, anangofunsa kuti pamene mwana ankafuna kuvula, anamugwira manja ndani. Sharifu anati netiweki ikuvuta, n'kudula. Ankadziuza kuti ana sachedwa kuiwala, ndipo poti Ikram ankadya, ankapita kusukulu ndi kumadarasa monga kale, anayamba kukhulupirira kuti zatha.

M'mawa wina akuchokera kunyanja anagula mandasi otentha, amene Ikram amawakonda. Ali panjira anamva mwanayo akuseka pakhonde, akuthandiza mayi ake kusankha mpunga m'lichero. Mtima wake unapepuka. Analowa pabwalo n'kupereka salamu mokweza, atanyamula kajumbo ka mandasi m'mwamba.

Kuseka kuja kunaduka. Ikram anaimirira n'kuyankha salamu bwinobwino, monga mwana woleredwa. Kenako dzanja lake linapita pamimba. Anakoka mpweya ndi mphuno, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, milomo atasongola.

Sharifu anacheuka kuti aone chimene chamuopsa mwana. Kunalibe mwera, nyanja inali zii, ngakhale phokoso lake silinkamveka. Kumbuyo kwake kunalibe galu, kunalibe munthu. Atatembenukanso anapeza maso a mwanayo ali pa manja ake.

Anafuna kuthamanga kuti akamukumbatire, anene kuti pepa, koma atangosuntha phazi anaona dzanja lija likukanikiza pamimba. Anaima. Salma ankangosankha mpunga, misozi ikugwera m'lichero.

Pamenepo Sharifu anabwerera chambuyo mpaka pa mtengo wa mango uja, kumapeto kwa bwalo. Anakhala pansi pafumbi, bambo wamkulu ndi ndevu zake, n'kuika manja onse awiri pamawondo pamene mwana angawaone.

"Ndinakulakwira, mwanangu," anatero. "Ndikhala pompano. Ukafuna kuti ndisendere, unena ndiwe."

Ikram anakhalanso pansi pafupi ndi mayi ake, akuuzirabe phala lake. Dzuwa linakwera, mandasi anazizira, nyerere zinayamba kulowa m'kajumbo. Anthu opita kudoko ankadutsa n'kumadabwa kuti Sharifu watani, koma iye sanasunthe.